Tayala Lopita ku Usisya

Chaka chomwe boma lidasamuka ku Zomba, malole ankalowa mu Lilongwe atasenza zosayembekezeka: mafayilo, makabati, mabedi, nkhuku m'madengu, mpaka maluwa obzala m'zitini. Koma palibe katundu amene adasekedwa ngati wa Greenwell Manda, mkulu wa makalaliki ku unduna woona za malo. Iyeyo adatsitsa injini ya boti pakhomo pa nyumba yake yatsopano ku Area 14, dera lomwe madzi ochuluka amene munthu akadawaona anali a m'bafa.

"Nanga nyanjayo ibwera ulendo wachiwiri?" adafunsa woyendetsa lole uja, a Nasoni, akupukuta thukuta.

Greenwell adangoseka nawo. Injiniyo adaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo sadaigulire Lilongwe. Kwawo kwa Greenwell kunali ku Usisya, kumene phiri lili kumbuyo, nyanja kutsogolo, msewu kulibe. Sitima inkaima kumeneko kamodzi pa sabata, koma matenda sadziwa tsiku la sitima. Bambo ake adamwalirira m'bwato, iye ndi mng'ono wake Percy akupalasa kulowera kuchipatala ku Nkhata Bay, manja atatuluka matuza. Nkhani imeneyi Greenwell sankaikamba pagulu, koma inkamuwawabe. Tsopano Percy anali atakhoma boti lamatabwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti pa tchuthi cha Disembala mwana wawo wa ku boma abwera ndi injini.

Podikira Disembalayo, injini inkakhala pabalaza, itatsamira khoma pafupi ndi wailesi. Mkazi wake Tabitha adailukira kansalu kovindikira. Loweruka lililonse Greenwell ankaitulutsa kuseri kwa nyumba, n'kudzaza madzi mumgolo, n'kuviika mwendo wa injiniyo m'madzimo, n'kukoka chingwe. Ikalira, iye sankayang'ana utsi kapena pulopela. Ankayang'ana kabowo kakumbuyo, komwe kamatulutsa kamtsinje ka madzi oziziritsa injini. Anthu a kunyanja amati injini ikukodza, ndipo ikamakodza ndiye kuti ili moyo.

Tsiku lina Lamulungu masana kudabwera a Bauleni, bambo wa imvi za m'mbali, mphunzitsi wa umakaniko pa kasukulu ka ntchito zamanja kuseri kwa msika wa ku Old Town. Adabwera kudzakonza galimoto ya a neba, ndipo adagogoda kwa a Manda kupempha madzi osamba m'manja. Chitseko chitatseguka, maso awo adagwera pa chinthu chovala kansalu chija. Za madzi adaiwala.

"Pepani abwana, chimenechi n'chimene ndikuganizachi?"

Greenwell adavundukula kansalu monyadira. A Bauleni adagwada, ovolosi ili girisi yekhayekha, pa simenti yomwe Tabitha adapolisha m'mawa womwewo. Adati iwo ndi a kwa Kalolo, adakalambira pansi pa malole ndi mathirakitala, ndipo nyanja adangoimva. Injini ya boti anali asadaigwirepo, ana awo asukulu ndiye osanena.

"Tipatseni milungu iwiri," adatero. "Anyamata aiphwasule yense, aitsuke, aone chotha, aibwezere. Simulipira kanthu. Ife tipindule nzeru, inu mupindule injini yatsopano."

"Koma ikulira bwinobwino," adayankha Greenwell.

"Ikulira, inde. M'kati mwake mudaonamo? Mzunguyo adakuuzani zonse? Chikomekome cha nkhuyu, abwana. Ndiye mukuti ikupita kopanda makaniko."

Mawu omalizawo adamulowa Greenwell ngati munga. A Bauleni atapita, adayamba kuzungulira pabalaza, maso akuwala. Tabitha ankamudziwa mwamuna wake: akayamba kuzungulira chonchi ndiye kuti mtima wapita kale, pakamwa pokha ndi pomwe patsala.

"Bambo a Ada, khalani pansi," adatero. "Munthu wabwinobwino, akudya, akuyenda, mungapite naye ku opaleshoni chifukwa ana asukulu akufuna kuona chiwindi?"

"Ali ndi mphunzitsi wawo."

"Mphunzitsi amene wanena yekha kuti nyanja adangoimva. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwaisunga chaka chathunthu, kwatsala milungu itatu, lero mukufuna kuipereka kwa ana? Akaiononga mukawauza chiyani amayi? Mukamuuza chiyani Percy?"

Greenwell adadziwa kuti mkaziyo ankanena zoona. Koma Lolemba ali ku ofesi ku Capital Hill, akuyang'ana pawindo mathirakitala akugumula tchire, nyumba zikumera pomwe dzana panali chimanga, mtima udamukwera. Chilichonse mumzindawu chinali chatsopano, ndipo chinkamangidwa ndi anyamata omwe chaka chatha ankaweta mbuzi. Nanga iwowo akadapanda kupatsidwa njerwa yoyamba? Kenaka adaganiza za injini ikuzima pakati pa nyanja, wodwala ali m'boti, Percy atagwira sipanala osadziwa poyambira. Pofika nthawi ya tiyi anali atatumiza uthenga ku Old Town.

Adaika malamulo awiri. Loyamba, iye azikhalapo akaweruka kuntchito. Lachiwiri adalinena atakweza chala: "Musailize ine kulibe."

Sadafotokoze chifukwa. Kwa munthu wobadwira ku Usisya, kuuza wina kuti injini ya boti sailiza pamtunda kuli ngati kumuuza kuti nsomba imakhala m'madzi. A Bauleni adavomera ndi mutu, mumtima akuti ndi nsanje chabe ya mwini chinthu.

Milungu iwiri imeneyo Greenwell sadzaiiwala. Belu la ofesi likangolira, ankathamangira basi, kapena kukwera pa lole ya mchenga, tayi ili m'thumba. Kasukuluko kanali shedi yamalata pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe, pakati pa okhoma zidebe ndi ogulitsa matayala akale. Anyamata ankazinga benchi ngati akuona mwana wobadwa kumene. Wamkulu wawo, Lexon, wamtali ngati mlongoti, ndiye ankamasula mabawuti, ndipo chilichonse chotuluka ankachikweza m'mwamba kuti onse achione asadachiike pa thumba loyera.

"Pisitoni yake ndi imeneyi? Kachepa ngati kapu ya tiyi."

"Nanga oyilo amakhala pati? Palibe sampu yosungiramo oyilo apa."

Apa Greenwell ankalowererapo mokondwa, kuwauza kuti oyilo amasakaniza ndi petulo. Iwo nawo ankamuonetsa zomwe iye sadazionepo: mwaye wouma womwe udadzaza pamutu pa pisitoni, waya wa pulagi womwe udatsala pang'ono kuduka, bawuti yomwe mzungu uja adaimangirira ndi ulusi. Tsiku lachitatu adavula jekete. Sabata isadathe adabwereka ovolosi, ndipo kalaliki wamkulu wa boma ankatsuka tizitsulo m'beseni la palafini, Lexon akumulangiza mwaulemu kuti, "Osati choncho abwana, muzipotoza chakumanzere."

M'mwendo wa injini adapezamo kamphira kakuda kokhala ndi timapiko, kokwana m'chikhatho. A Bauleni adakatembenuza, n'kuzindikira msanga kuti ndi pampu yokoka madzi. Kanali kabwinobwino, ndipo adakabwezera momwe kanalili.

Kunyumba Tabitha ankangoyang'ana zikhadabo zakuda za mwamuna wake, n'kuyang'ana malo opanda kanthu pafupi ndi wailesi. Kansalu kaja adakapinda n'kukaika m'kabati.

"Lachinayi imatha," adatero Greenwell, akulephera kukhazikika pampando. "Mukabwere mudzaone, mayi a Ada. Aipaka ndi penti yemwe."

"Penti ndiye imayendetsa boti?" adafunsa Tabitha. Komabe adati abwera, popeza tsikulo anali ndi ulendo wa kumsika.

Tsono amakaniko ali ndi mwambo wawo, womwe munthu wa mu ofesi sangaudziwe. Injini yokonzedwa saionetsa kwa mwini wake isadayankhule. Kukoka chingwe pamaso pa mwini, injini n'kukhala chete, ndi manyazi omwe galaja imakhala nawo chaka chonse. Ndiye Lachinayi masana, bawuti yomaliza itamangidwa, anyamata adayang'ana mphunzitsi wawo, mphunzitsi adayang'ana kumsewu. A Manda ankayembekezeka cha m'ma faifi. Za madzi a Bauleni adaziganizira ndithu, sanali munthu wopusa. Koma injini ya lole imalira kanthawi yopanda madzi osavulala, bola kuizimitsa isadatenthe. Adaganiza kuti iyinso ndi chimodzimodzi.

"Pang'ono pokha," adatero. "Ingotipatsa moni."

Zidangochitika kuti tsiku limenelo Greenwell adalephera kupirira. Mafayilo ankawaona ngati ali m'chinenero china. Adapempha kuweruka msanga, n'kukwera lole ya njerwa yomwe idamutsitsa patsidya pa mlatho. Akuwoloka, pakati pa mabelu a njinga ndi phokoso la okhoma zidebe, adamva kulira komwe akadakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Mtima udadumpha ndi chimwemwe. Yalira! Anyamata aja aikhoza!

Adayenda pang'ono akumwetulira, kenaka kumwetulirako kudazima. Injini ya boti ikakhala m'madzi imalira mobanika, ngati munthu woyankhulira m'chidebe. Iyi inkalira mokuwa, mouma, ngati njinga yamoto yothyoka paipi.

Anthu a pamlatho adaona bwana wa suti akuthamanga ngati wakuba, chikwama chili kukhwapa, akudumpha milu ya tomato. Amayi ena adamukuwiza. Adalowa mushedi muja utsi uli tolo, anyamata akuvina mozungulira benchi, Lexon akuonjezera moto kuti amve ndi a kumsika omwe. Mwendo wa injini unali lende m'malere, pulopela ikupeta mphepo.

"Zimitsani! Madzi, anthu inu, madzi!"

Adaizimitsa yekha. Mushedi mudagwa bata, ndipo m'batamo aliyense adamva fungo la mphira yopserera.

A Bauleni sadadikire kufunsidwa. Adatenga sipanala, n'kumasula mwendo uja ndi manja awo. Kamphira kaja kadatuluka zidutswazidutswa, timapiko titasungunuka, katangotsala kachitsulo ka pakati. Madzi aja sikuti amangoziziritsa injini, ndi omwenso amafewetsa kamphirako kakamazungulira. Pouma kamapsa nthawi yomweyo.

"Ndidati musailize," adatero Greenwell.

"Mudatero, abwana. Ndalakwa ndine, osati anawa," adayankha a Bauleni. "Ndimayesa mukungoikonda. Safunsa adadya phula."

Greenwell adafuna kukalipa, koma mkwiyo udasowa pogwira, poti iyenso adadziwa kuti chifukwa chake adachisunga m'mimba milungu iwiri yathunthu. Adakhala pa tayala lakale, mantha atamugwira. Lole yopita ku Chipoka kukakumana ndi sitima inkanyamuka Lolemba m'mawa. Lexon adathamanga m'masitolo onse a zitsulo a ku Old Town, ndipo adabwerako manja ali m'mbali. Amwenye a m'masitolomo ankangotembenuza kachitsulo kaja n'kupukusa mutu. Wina adati mwina ku Blantyre, wina adati aitanitse kunja, kafika chaka chamawa. Ndani akadasunga kamphira ka boti mu Lilongwe?

Tabitha adafika nthawi imeneyo, dengu la ndiwo lili pamutu. Adayang'ana nkhope za anthu, adayang'ana zidutswa zakuda pa thumba loyera. Greenwell adadikira mawu aja oti ndidanena ine. Akadakhala iye, akadawanena.

Tabitha adatula dengu, n'kutola kachidutswa kamodzi.

"Kameneka kamatha kokha, kapena mpaka kupsa chonchi?"

"Mphira iliyonse imatha, mayi," adayankha a Bauleni. "Chaka, zaka ziwiri. Mchenga ukalowa, msanga."

"Ndiye kakadathera kwathu, Percy akadakagula kuti?"

Tabitha adatembenukira kwa mwamuna wake.

"Bambo a Ada, dzukani pamenepo. Mwakhalira mphira."

Greenwell adayang'ana pansi pake. A Bauleni adayang'ananso pomwepo, ndipo nkhope yawo idayamba kusintha. Adagwada, n'kutsina m'mbali mwa tayala lija, pofewa paja, n'kuyerekeza ndi kachidutswa kopsa.

"Lexon," adatero, "pita ukaitane amene amasoka nkhwaila kuseriku. Abwere ndi mipeni yawo."

Kuyambira pamenepo shediyo idasanduka ngati pakhomo pa ukwati. Odula nsapato za matayala adabwera ndi mipeni yonoledwa pamwala. Anyamata adajambula timapiko pa katoni, potengera chibowo chomwe kamphira kamakhalamo. Wina ankadula, wina ankapala ndi tupa, wina ankakhomerera kachitsulo ka pakati. Koyamba kadatuluka konenepa, kadakana kulowa. Kena kadalowa koma kadang'ambika pongopotoza ndi dzanja. Lachisanu Greenwell adatumiza uthenga ku ofesi kuti wadwala, ndipo sikunali kunama kwenikweni. Adakhala pabenchi ndi mpeni, lilime lili panja ngati mwana wa Sitandade 1, mpaka adadzicheka chala. Tabitha adamumanga ndi kansalu, n'kumubwezera mpeniwo m'manja.

Loweruka m'mawa adagubuduza mgolo kuchokera kwa okhoma zidebe. Anyamata adapanga mzere mpaka kumtsinje, zidebe zikuyenda dzanja ndi dzanja. Mbiri inali itafika kale mumsika kuti lero kuli boti la mumgolo, ndipo anthu adadzaza mpaka pamsewu: amayi a tomato, okonza njinga, ndi wapolisi yemwe adabwera kudzabalalitsa anthu koma n'kupeza malo abwino kutsogolo.

Mwendo utamira m'madzi, a Bauleni adapereka chingwe kwa Greenwell.

"Mwambo wathu lero tiuphwanya," adatero. "Kokani ndinu."

Adakoka. Injini idatsokomola n'kukhala chete. Adakokanso, ndipo idagwira, ikulira mobanika, madzi a mumgolo akuwira ngati thobwa pamoto. Anthu adayamba kuombera m'manja, koma Greenwell adakweza dzanja kuti adikire.

"Kulira si kanthu," adatero. "Yang'anani apa. Ikapanda kukodza, ndizimitsa."

Khamu lonse lidaweramira kabowo kaja. Kanali kouma. Greenwell adaika chala pa batani lozimitsira. Adaganiza za amayi ake ataima pamchenga, za Percy ndi boti lake lopanda mawu. Kabowoko kadalavula mpweya, kenaka dontho lamatope.

"Iyo!" adakuwa Tabitha, yemwe sankakuwa ngakhale kutchalitchi. "Ikukodza, bambo a Ada!"

Kamtsinje kadatumphuka, kowongoka, kolimba, n'kukagwera pa nsapato ya wapolisi. Nthungululu zidamveka mpaka pamlatho. Anyamata adamunyamula Lexon, ena adafuna kunyamula a Bauleni koma adakanizidwa ndi sipanala. Anthu omwe sadaonepo nyanja ankakumbatirana chifukwa injini yakodza. Greenwell adatchera chikhatho pa kamtsinjeko. Madzi anali ofunda pang'ono, monga amayenera kukhalira. Adasangalala mpaka misozi, ndipo sadaibise.

Adaisiya ikulira mpaka dzuwa lidafika pamutu, kenaka adamasulanso mwendo kuti aone. Kamphira ka tayala kanali katadyeka pang'ono m'mphepete, koma kanali kamoyo.

"Sikafika chaka ngati ka kufakitale," adatero a Bauleni moona mtima. "Mwina miyezi ingapo."

"Kakatha tidzadula kena," adayankha Greenwell. "Ndikamuphunzitsa Percy. Mpeni ali nawo."

Lolemba m'mawa lole idaima ku Area 14, ndipo woyendetsa anali a Nasoni omwe aja. Adathandiza kukweza injini, itakulungidwa m'matumba, kansalu koluka kali pamwamba. Adakweza masutikesi, thumba la shuga, katoni ya sopo. Kenaka adaona bwana akutuluka kuseri kwa nyumba akugubuduza tayala lakutha la lole, lopanda ndi mano omwe, mayi akubwera pambuyo ndi kachitini momwe munali katoni yojambulapo timapiko.

"Abwana, mwaiwala kuti ndimakudziwani," adatero a Nasoni. "Mudabwera ndi injini ya boti kopanda nyanja. Lero mukupita ndi tayala kopanda msewu?"

Greenwell adalikweza yekha, n'kuliika bwinobwino pambali pa injini.

"Limeneli ndiye likayende kwambiri kuposa matayala anu onsewa," adatero. "Likafikitsa anthu kuchipatala."

Adalimanga ndi chingwe, n'kukoka mfundo kawiri ndi chala chake chomanga kansalu chija, ndipo adauza a Nasoni kuti aziyendetsa bwino pa mabampu.